Kodi Madzi a Pampopi Tingamwe Osaopa?

Nkhani ya zaumoyo yochokera pa wayilesi ya m'dera. Yalembedwa pano kuti amene sanaimve aiwerenge, ndipo odziwa kuwerenga awerengereko anzawo.

Lero tikambirana za madzi a pampopi. Kale nkhani imeneyi inali ya anthu a mumzinda okha, koma masiku ano mipopi yafika m'matauni ambiri a m'maboma athu a m'malire. Ngakhale inu amene mumatunga pamjigo kapena pachitsime nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa mumapita ku Tete kukazonda odwala, ana anu amaphunzira ku Ulongwe, ku Moatize kapena ku Lichinga, ndipo tsiku la msika mumamwa madzi ndi thobwa la m'tauni.

Funso limene timalandira kawirikawiri ndi lakuti: "Kodi madzi a pampopi ndingamwe pomwepo, kapena ndiyambe ndawathira mankhwala?" Yankho lake nali. Madzi a pampopi amakhala abwino zinthu ziwiri zikakhala m'malo mwake: mankhwala a kolorini akhale akadalimo, ndipo paipi yowabweretsa ikhale yosabooka ndi yodzaza madzi nthawi zonse. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, madziwo atha kudwalitsa ngakhale akuoneka oyera mbee. Zinthu ziwirizi zimasiyana tauni ndi tauni, bairo ndi bairo, ngakhalenso tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake banja lililonse liyenera kudziwa nthawi yokhulupirira mpopi ndi nthawi yodziteteza lokha.

Kumene madziwa amachokera

Madzi a mumzinda wa Tete amapopedwa pansi pa nthaka, m'zitsime zakuya zokumbidwa ndi makina m'chigwa cha Nhartanda ndi m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe. A ku Moatize nawonso amadalira zitsime za m'mbali mwa Revubwe. Ku Lichinga madzi amachokera m'damu la Locumué. M'matauni ang'onoang'ono, ena amapopa mumtsinje, ena amatenga pa kasupe wa m'phiri, ena ali ndi mjigo woikidwa pampu ya magetsi kapena ya dzuwa imene imakweza madzi m'thanki yam'mwamba.

Gwero lililonse lili ndi vuto lakelake. Madzi a mumtsinje ndi a m'damu amalandira chilichonse chimene mvula yakokolola: matope, ndowe za ng'ombe, ndi chimbudzi cha anthu amene amadzithandiza kutchire. Madzi a pansi pa nthaka amakhala ndi tizilombo tochepa chifukwa mchenga umawasefa, koma amasungunula zinthu za m'miyala monga chitsulo, manganezi ndi mchere. Anthu a ku Tete amalidziwa bwino vuto la madzi ofiirira kapena akuda amene amasiya mawanga pa zovala zoyera. Nthawi zambiri chimenecho ndi chitsulo ndi manganezi.

M'mizinda ikuluikulu monga Tete, Moatize, Lichinga ndi Cuamba, ntchito yomanga ndi kusamala mapaipi inali kwa zaka zambiri m'manja mwa FIPAG, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1998. Pa matauni ang'onoang'ono boma linakhazikitsa bungwe lina la AIAS mu 2009, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku imapatsidwa kwa makampani ang'onoang'ono. Palinso mipopi ya anthu wamba amene anakumba mjigo wawo n'kumagulitsa madzi kwa anansi. Onsewa ali pansi pa lamulo limodzi la Unduna wa Zaumoyo, Diploma Ministerial 180/2004, limene limanena mmene madzi akumwa ayenera kukhalira. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti akatenga mamililita 100 a madzi a pampopi, amene ndi ngati theka la kapu, n'kuwayeza, asapezemo tizilombo ta m'chimbudzi ngakhale pang'ono.

Ntchito ya kolorini

Kumalo oyeretsera madzi amayamba ndi kuchotsa matope. Amathira mankhwala amene amachititsa kuti tizidutswa ta dothi tigwirane n'kudikha pansi, kenako madzi amadutsa mumchenga wosefera. Kumene kuli chitsulo chambiri amawaulutsa pamphepo kuti chitsulocho chisanduke dzimbiri n'kutsalira musefa. Pomaliza amathira kolorini.

Kolorini ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kupha tizilombo timene tili m'madzimo pa nthawiyo. Yachiwiri ndi kuperekeza madzi m'paipi kuti aphe tizilombo tina tolowera panjira. Akatswiri amafuna kuti madzi akamatuluka pampopi panu akhale akadali ndi kolorini wokwana mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita iliyonse. Ndi wochepa kwambiri, sangapweteke munthu, koma ndi wokwanira kuteteza banja.

Vuto ndi lakuti kolorini amatha. Akakumana ndi dothi, dzimbiri kapena ndere za m'paipi, amadyeka. Kutentha kumamuthetsanso msanga, ndipo mukudziwa mmene kumatenthera ku Tete mu Okutobala ndi Novembala. Choncho nyumba ya pafupi ndi thanki yaikulu imalandira madzi onunkhira kolorini, pamene nyumba ya kumapeto kwa paipi, m'mabairo atsopano a kunja kwa tauni, itha kulandira madzi opanda kolorini n'komwe. Tauni ndi imodzi, kampani ndi imodzi, koma madziwo si amodzi.

Madzi akasiya n'kubweranso

Apa ndiye mvetserani bwino, chifukwa ngozi yaikulu ili pamenepa. M'matauni athu ambiri madzi satuluka usana ndi usiku wonse. Amabwera maola angapo m'mawa, kapena amadumpha masiku, ndipo magetsi akazima pampu nayo imaima.

Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankha kuchokera m'kati. Ngati pali pobooka, madzi ndi amene amatuluka, ndipo zonyansa sizingalowe. Koma pampu ikaima, madzi otsala amatsikira kumalo otsetsereka, ndipo paipi yopanda kanthu ija imayamba kuyamwa, monga mmene munthu amayamwira petulo ndi kapaipi kuchokera m'thanki ya njinga yamoto. Imayamwa chilichonse chimene chili pafupi ndi bowo: madzi a m'ngalande, madzi a kubafa, kapena madzi odzaza m'chimbudzi chokumba. Madzi akabweranso, zonsezo zimakankhidwa mpaka m'ndowa mwanu.

Mabowo amenewa amachokera kuti? Ena ndi a mapaipi okalamba. Ena amabwera ndi khasu kapena galimoto yoponda paipi imene inakwiriridwa pamwambamwamba. Ambiri amabwera ndi kulumikiza mapaipi mobisa usiku, n'kumanga polumikizirapo ndi mphira wa chubu. Palinso chizolowezi china: madzi akamabwera ofooka, anthu amakumba dzenje pabwalo, n'kudula paipi m'munsi kuti azitunga m'dzenjemo. Mvula ikagwa dzenje lija limadzaza matope, kukamwa kwa paipi kumamira, ndipo matopewo amapita kwa anansi onse a mumzere umenewo.

Nthawi ya chigumula zinthu zimaipiratu. Tikumbukire Januwale 2022, pamene mkuntho wa Ana unadzazitsa Revubwe mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Madzi osefukira otere amamiza zitsime za m'mbali mwa mtsinje, amafukula mapaipi ndi kugwetsa zimbudzi. Pambuyo pa chigumula musakhulupirire mpopi uliwonse mpaka a zaumoyo atalengeza kuti madzi ayezedwa.

Zimene maso angakuuzeni ndi zimene sangakuuzeni

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tizilombo ta kolera ndi ta taifodi sitioneka, sitinunkha, ndipo sitisintha kukoma kwa madzi. Madzi oyera bwino atha kukhala nato. Komabe pali zizindikiro zina zothandiza.

Madzi akatuluka oyera ngati mkaka, athireni m'kapu yagalasi mudikire pang'ono. Akayera kuyambira pansi kukwera m'mwamba, umenewo unali mpweya chabe, palibe choopsa.

Akatuluka ofiirira n'kusiya dzimbiri pansi pa ndowa, chimenecho ndi chitsulo. Chitsulo chimaipitsa maonekedwe ndi kukoma, komanso chimadya kolorini, kotero madziwo amatsala opanda chitetezo. Asiyeni adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenako muwathire mankhwala. Kuwiritsa sikuchotsa chitsulo, manganezi kapena mchere. Ngati madzi akhala akuda kwa masiku angapo, kanenani, ndipo a ana aang'ono muwapezere kwina.

Akatuluka a matope, kapena onunkha ngati ngalande, musamwe ndipo musatsukire mbale. Chenjezani anansi tsiku lomwelo.

Akatuluka ndi kafungo ka kolorini, kondwerani. Fungo limenelo likukuuzani kuti mankhwala afika mpaka pakhomo panu.

Chifukwa chake tikulimbikira nkhaniyi

Matenda a m'madzi sapempha chilolezo pa chipata cha Zobwe, cha Calomue kapena cha Mandimba. Mu 2009 taifodi inagwira anthu opitirira 300 m'midzi ya m'boma la Tsangano kuno kwathu ndi la Neno ku Malawi, ndipo ena anamwalira. Mu Marichi 2022 kolera inabuka ku Malawi, ndipo mliri umenewo unapha anthu opitirira 1,700. Mu Seputembala chaka chomwecho kolera inapezeka m'boma la Lago ku Niassa, n'kufalikira ku Lichinga, ku Tete ndi m'zigawo zina. Mkuntho wa Freddy utawomba Quelimane mu Marichi 2023, anthu masauzande anadwala mumzinda umenewo m'masabata ochepa chabe. Ambiri mwa inu munaika maliro m'nyengo imeneyo, ndipo simufuna wina wokuuzani mmene kolera imapwetekera.

Kolera imayamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5 munthu atamwa kapena kudya kachilomboka, ndipo itha kupha munthu wamkulu wathanzi tsiku lomwelo chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Taifodi imabwera pang'onopang'ono, patapita sabata imodzi mpaka atatu, ndi kutentha thupi kosasiya, mutu ndi m'mimba, moti ambiri amayesa malungo. Palinso kutsegula m'mimba kwa masiku onse kumene timangokuzolowera, koma kumene kumafooketsa ana aang'ono ndi kuwapinimbiritsa.

Kuchokera pampopi kufika m'kapu

Kampani ya madzi imalekezera pa mita. Kuyambira pamenepo udindo ndi wathu, ndipo madzi ambiri amaipira pakhomo pomwe. Chitani izi.

Madzi akabwera atasowa, musatunge oyambirira. Asiyeni atayike kwa mphindi zingapo mpaka ayere. Oyambirirawo mutha kukolopera kapena kuthirira mbewu.

Tungirani m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chokhala ndi chitsekero. Ndowa yotsegula imalandira fumbi, ntchentche ndi zala. Musaike masamba kapena pulasitiki pamwamba pa madzi pofuna kuti asatayike panjira. Musagwiritse ntchito chigubu chimene munali mankhwala a m'munda kapena mafuta a galimoto, ngakhale mutachitsuka motani.

Kunyumba muzitsanulira madzi m'kapu. Ngati mumasunga mumtsuko, pakhale chikho chimodzi cha mpini wautali chotungira, chopachikidwa pamwamba, chimene palibe amamwera. Mwana akaviika kapu ndi dzanja lake m'madzi atangochoka kuchimbudzi, ntchito yonse ya kumalo oyeretsera yapita pachabe.

Tsukani chigubu ndi sopo sabata iliyonse. Amene muli ndi thanki pakhomo, ikhale yovundikira bwino ndipo muziitsuka kawiri pachaka.

Njira zitatu zotetezera madzi

Yoyamba ndi Certeza, mankhwala a kolorini a m'kabotolo amene amapezeka m'masitolo ndi kuchipatala. Thirani kachitsekero kamodzi ka botololo m'chigubu cha malita 20, tsekani, khutchumulani, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Mphindi 30 zimenezi musazidule, chifukwa ndi nthawi imene mankhwala amagwira ntchito. Madzi akakhala a matope, yambani mwawadikhitsa ndi kuwasefa. Werengani malangizo a pabotolo ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo lisungeni pamthunzi, kutali ndi ana. Amene mumagula katundu ku Lizulu, ku Dedza kapena ku Muloza mwina munaona WaterGuard. Ndi mankhwala a mtundu womwewo, ndipo mutsate zimene zalembedwa pabotolo lake. Madzi othira mankhwala muwamwe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Akapitirira apo, thiraninso.

Yachiwiri ndi kuwiritsa. Madzi abwate bwatabwata kwa mphindi imodzi yathunthu. Kungofunditsa sikokwanira. Azizirire mumphika womwewo uli wovundikira. Kumbukirani kuti madzi owiritsa alibe mankhwala owateteza, choncho akalowa chala kapena kapu yakuda amaipanso nthawi yomweyo.

Yachitatu ndi dzuwa, pamene mulibe Certeza kapena nkhuni. Thirani madzi oyera m'mabotolo apulasitiki oonekera m'kati, osapitirira malita 2, muwagoneke padenga la malata kwa maola 6 dzuwa likuwala bwino. Kukakhala mitambo, akhale masiku 2. Njirayi siigwira pa madzi a matope kapena tsiku la mvula.

Kodi muzichita zimenezi liti? Nyengo yonse ya mvula, nthawi iliyonse imene kwamveka kolera m'boma lanu kapena tsidya lina la malire, madzi akabwera atasowa, paipi ikaphulika pafupi, ndiponso madzi akagona m'chigubu kapena m'thanki. Ngati kwanu madzi amaduladula masiku onse, ingozolowerani kuthira mankhwala tsiku lililonse. Mtengo wa kabotolo kamodzi sungafanane ndi wa njinga yamoto yothamangira kuchipatala usiku.

Mphekesera ya cloro ndi cólera

Pa Chipwitikizi mankhwalawa amatchedwa cloro, pamene matendawa amatchedwa cólera. Mawu awiriwa amamveka mofanana, ndipo kufanana kumeneku kwabweretsa mavuto aakulu m'dziko muno. M'madera ena, makamaka ku Nampula, ku Zambézia ndi ku Cabo Delgado, anthu a zaumoyo, mafumu ndi anthu ongodzipereka anamenyedwapo, ena mpaka kuphedwa, powanamizira kuti akuthira kolera m'zitsime. Chimene ankathira chinali kolorini wopha kolerayo. Amabwera ndi mankhwala chifukwa matenda ayamba kale, monga mmene anthu amathamangira ndi ndowa kunyumba imene yayamba kupsa. Mukakayika, funsani amfumu, a sekeretale a bairo kapena APE wa m'mudzi mwanu, ndipo pemphani kuti wothirayo amwe madziwo pamaso panu pakatha mphindi 30. Adzamwa.

Mafunso ena a omvera

Mayi wina anafunsa ngati khanda angalimwetse madzi othira Certeza. Mwana wosakwana miyezi 6 asamwe madzi a mtundu uliwonse. Bere lokha ndi lokwanira, ngakhale kutatentha bwanji. Akapitirira miyezi 6, madzi owiritsa kapena othira mankhwala pa mlingo woyenera ndi abwino kwa iye.

Bambo wina wochita malonda anafunsa ngati madzi a m'matauni a ku Malawi ndi abwino kuposa a kuno. Malamulo a paipi ndi amodzi mbali zonse ziwiri. Kulikonse kumene madzi amaduladula kapena mapaipi ndi obooka, ngozi ndi yomweyo. Poyenda nyamulani botolo la madzi a kunyumba. Chenjerani ndi madzi omanga m'timapulasitiki, ayisi ndi mafizesi a pamsika, chifukwa kuzizira sikupha tizilombo. Mukagula madzi a m'botolo, onani ngati chitsekero chake sichinatsegulidwepo.

Wina anafunsa kuti, poti analandira katemera wa kolera, afunikabe kuthira mankhwala? Inde. Katemera amathandiza koma sateteza kotheratu, mphamvu yake imachepa pakapita nthawi, ndiponso sateteza ku taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba.

Wina akayamba kutsegula m'mimba

Musadikire kuti kuche. Sungunulani paketi imodzi ya SRO m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo muyambe kumwetsa wodwalayo pang'onopang'ono, ngakhale akusanza. Ngati mulibe paketi, thirani m'lita imodzi masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Zotsala zikatha maola 24 tayani, mukonze zina. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Chimbudzi chikakhala chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, kapena maso akalowa m'kati, kapena wodwala akalephera kumwa, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala chimene chili pafupi, mukumumwetsa panjira ponse.

Tisakhale chete

Paipi yobooka pamsewu ndi ya tonse, ngakhale itabookera kutali ndi nyumba yanu. Mukaiona, kanenani ku ofesi ya kampani ya madzi, kwa a sekeretale a bairo, kapena ku ofesi ya boma yoona za zomangamanga ya SDPI. Mukaona mabanja angapo otunga pampopi umodzi akutsegula m'mimba sabata imodzi, dziwitsani chipatala kuti adzayeze madziwo. Amene mumalipira madzi muli ndi ufulu wofunsa ngati akuthiridwa kolorini ndiponso kuti anayezedwa liti, ndipo kuli bungwe limene boma linaika kuti liziyang'anira makampani a madzi ndi kumva madandaulo a anthu. Pampopi wa anthu onse, komiti ya madzi ionetsetse kuti pansi ndi pa simenti, madzi otayika ali ndi ngalande yake, ziweto sizifika, ndipo chimbudzi chili patali, mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo kapena chitsime. Musalole kuti paipi idutse m'ngalande kapena m'mbali mwa chimbudzi.

Amayi ndi abambo, lero lomwe yang'anani chigubu chanu ngati chili ndi chitsekero, yang'anani paipi ya pakhomo panu ngati ikudontha, ndipo onani ngati muli ndi kabotolo ka Certeza ndi paketi ya SRO m'nyumba mvula isanayambe. Sambani m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndi musanadye. Mukamaliza kuwerenga pepalali, apatseni a khomo loyandikana nanu, chifukwa inu ndi iwo mumamwa paipi imodzi.